Khirisimasi ya pamphasa ya ana: masiku asanu kwathu ku Kasungu

Lolemba, 23 Disembala

Tafika bwino. Ndikulemba nditakhala pakhonde pa amayi, pakona yoyang'ana kumtengo wa mango, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira pakhomo pano.

Tinadzuka kusanache ku Area 25, anthu anayi: ine, bambo awo a ana, mwana wathu wachisamba, wamkazi wa zaka 11, ndi mlongo wake wamwamuna wa zaka zisanu. Tinanyamula mpunga makilogalamu khumi, mafuta ophikira, shuga, sobo mabotolo awiri ndi chitenje cha amayi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130, koma sabata ya Khirisimasi msewu umatalika. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo palibe wokwera chimanjamanja. Pa Lumbadzi tinadzazana, pa Mponela ndinawagulira ana mazira owiritsa, pa Madisi mvula inayamba kuwaza. Madzi a mu Bua anali ofiira ndi dothi lokokoloka m'minda. Pa Chinkhoma, pamene nthawi ya msika wa fodya malole amandanda mpaka kumsewu, lero kunali zii. Fodya akadali wamng'ono m'minda, ena angowokera kumene.

Phiri la Kasungu litaonekera, mnyamata wanga anafunsa ngati tione njovu. Mlongo wake ndiye anamuuza kuti mu 2022 anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera nazo kunkhalango ya kuno. Ndinamuuza kuti nkhalangoyo ili kumadzulo, kumalire ndi Zambia, pamene ife tikulowera kum'mawa, njira ya ku Mtunthama. Anakwinya nkhope mpaka pamene tinakwera kabaza, matope akuthovukira m'miyendo. Apo ndiye anayamba kuseka.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi cha madzulo ano. Nsima itapsa, zonse zinayenda monga zimayendera chibadwire changa. Bambo awo a ana anaitanidwa m'nyumba kukadya ndi atsibweni. Ine, amayi ndi mng'ono wanga tinakhala pafupi ndi khitchini. Ana onse, asanu ndi anayi pamodzi ndi anga, anawayalira mphasa pansi pa mango, nsima mbale ziwiri, ndiwo mbale ziwiri. Ine sindinaonepo chachilendo. Koma mwana wanga wamkazi anabwera, nagwada pambali panga, nandinong'oneza: "Amama, ife talakwa chiyani?"

Ku Lilongwe timadya tonse anayi patebulo limodzi, aliyense mbale yake. Komaliza kubwera kuno anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sakukumbukira. Kwa iye kutumizidwa kukadyera pabwalo ndi chilango. Ndinamuuza kuti apite akadye, tikambirana mawa. Anapita, koma anangodya mbamu zowerengeka.

Lachiwiri, 24 Disembala

M'mawa tinapita kumunda. Khirisimasi imafika udzu uli pa mpikisano ndi chimanga, choncho mpaka dzuwa litakwera tinali kupalira, mng'ono wanga akuthira feteleza ndi kachitsekero ka botolo phando ndi phando. Mwana wanga ndinamutenga dala, ndipo pobwerera tinatsalira m'mbuyo.

Ndinamufunsa ngati anaonapo bambo ake akudya ndi agogo ake. Anaganiza, nati ayi. Ndinamuuza kuti zaka 13 za ukwati wathu sanadyerepo mbale imodzi, ngakhale kukhala mphasa imodzi. Akakumana panjira wina amapatuka, amapatsana moni atanyonyomala chapatali. Si chidani. Ndi ulemu wa mkamwini ndi apongozi ake, ndipo ine ndikudziwa kuti amayi amawakonda bambo akewo koposa. Pakhomo pano aliyense ali ndi podyera pake: abambo paokha, amayi paokha, ana paokha. Kale anyamata osinkhuka ankagona ku mphala, atsikana ku gowelo, ndipo mabanja ankatulutsa nsima zawo kukadyera pamodzi pabwalo, chija ankati chidyerano, komabe amuna kwaokha, akazi kwaokha. Palibe amene wapirikitsidwa.

Ndinamuuzanso chimene ndimakhulupirira ndi mtima wonse, kuti pamphasa ya ana ndi pamene ine ndinadziwira abale anga. Pamaso pa akulu mwana amadya ali chete, maso pansi, kuopa kutambasula dzanja kawiri. Pamphasa paja tinkaseka nsima ili m'kamwa, tinkanenana, tinkapangana zokasaka bowa kuchulu. Asuweni anga amene lero ndikhoza kuwaimbira foni pakati pa usiku ndi omwe ndinkalimbirana nawo nthuli ya nyama. Anamvetsera, sanayankhe kanthu.

Masana ndinachita chimene sindinachitepo. M'malo modya nkhope ili kukhitchini, ndinakhala moyang'ana kumango, kuti ndione ngati mwana wanga akudya. Koma maso anga anakagwera pa wina.

Achemwali anga anatisiya chaka chatha. Anasiya ana awiri, ndipo wamng'ono, wa zaka zinayi, amagona ndi amayi. Kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi mwana wako, amanditcha amayi aang'ono. Ndi kamwana kofatsa, kolankhulira pansi. Nsima inafika pamphasa ikufuka nthunzi, ndiwo zinali usipa wothira tomato ndi nkhwani wotendera. Anyamata akuluakulu, azaka 12 ndi 13, manja awo anazolowera moto. Amatema mbamu, kuiviringa kawiri, kususa, kumeza, dzanja labwerera kale. Kamwanaka kanatema kambamu, kanapsa, kanakaika pabondo n'kumauzira. Kanadikira. Pamene kanati kasuse, usipa unali utatha, mwatsala msuzi wokha pansi pa mbale. Kanapukuta msuziwo ndi nsima yake, kanadya, kanatemanso ina n'kuyambanso kuuzira. Sikanalire, sikanadandaule. Palibenso amene anakalanda kanthu. Anzakewo si ana oipa, anali ndi njala basi, atachoka kumunda.

Nsima yanga inandikanika kumeza.

Madzulo tikusefa thobwa ndinamuuza mng'ono wanga. Anati nkhaniyi si yachilendo, kusikelo alangizi a zaumoyo amanena mwezi ndi mwezi kuti mwana wamng'ono azikhala ndi mbale yakeyake kuti kholo lizidziwa chimene wadya, komanso azidya kuchokera ku magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya. Magulu amenewa aliyense amawatchula pamtima: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. "Koma achemwali," anatero, "akangosiya kuyamwa n'kuyamba kuthamanga, timamuwerengera kwa anzake." Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Nthawi zonse ndikamva chiwerengerochi ndinkaganiza za nkhokwe zopanda kanthu. Lero ndaona kuti chakudya chikhoza kuphikidwa, kufika pamphasa, mwana n'kudzukapo osakhuta.

Mawa kuli nkhuku zitatu ndi mwendo wa mbuzi imene mabanja anayi asonkherana. Sindikudziwa kuti ndikayambe bwanji.

Lachitatu, 25 Disembala

Ndikulemba usiku, onse agona. Lero lakhala tsiku lalitali.

Kunacha ndi tiyi wamkaka ndi buledi, amene atsibweni anakagula dzulo panjinga. Kenaka kutchalitchi kwathu kwa CCAP, ana atavala zatsopano, ena nsapato atazigwira m'manja kuopa matope mpaka pakhomo la tchalitchi. Ana a Sande sukulu anachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Abusa a nkhosa anafunda matumba a feteleza, Herode anavala jekete ya bambo ake yofika m'mawondo, ndipo mpingo wonse unaseka mpaka misozi. Makwaya anaimba mpaka dzuwa linapendeka.

Titabwerako moto unali kale m'mafuwa atatu. Mpunga m'poto wamkulu, nkhuku mumphika wa amayi uja wakuda, mbuzi payokha. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti nkhuku sagawa mwachisawawa. Nthutumba ndi ya mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ikasowa m'mbale mayi amafunsidwa. Ntchafu ndi chidale zimapita kwa abambo. Amayi amatenga msana ndi mapiko. Ana amalandira makosi, mitu, zipalapasiro ndi matumbo okulunga kumiyendo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti nkhuku ndi khosi, ndipo ntchafu yathunthu ndinaidya koyamba nditapita kusekondale.

Mng'ono wanga atayamba kupakula, ndinati, "Amayi, bwanji lero ana tiwagawire nyama m'manja, aliyense yake? Ndipo wamng'onoyu timuikire pambale payekha." Ndinayesetsa kulankhula motsitsa, koma atsibweni anali pakhonde akusamba m'manja, bambo awo a ana akuwathirira madzi a m'jagi. Chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023 pakhomo pano anasiya kusambira m'beseni limodzi.

"Mwayamba za ku Lilongwe," anatero atsibweni. "Mawa mudzati akhale patebulo ndi ife. Mwana wodya ndi akulu amamva zosayenera kumva, amakula wamwano. Ife tonse tinakulira pambale imodzi, tafa? Mbale imodzi imaphunzitsa mwana kuganizira mnzake."

Ndinagwada pomwe ndinalipo n'kuwayankha kuti sindikupempha kuti ana achoke pamphasa. Mphasa ikhale, ndimaikonda. Mawu awo akuti mbale imodzi imaphunzitsa kuganizira mnzako ndi oona, koma amaphunzira ndi wamkulu, ndipo pamene wamkuluyo akuphunzira, wamng'ono akugona ndi njala. Ndinafotokoza zimene ndinaona dzulo, za kambamu pabondo. Atsibweni anapukusa mutu, nati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ananena mosonyeza kuti kalumo kameneka sakukafuna. Analowa m'nyumba.

Amayi sananene kanthu nthawi yonseyi. Anali atagwira chipande, akuyang'ana mumphika. Kenaka anamanga chitenje chatsopano chija, ananyamula mphika wonse wa nkhuku mbale za abambo zitapakulidwa, napita nawo pansi pa mango. Anakhala pansi pakati pa ana, miyendo atatambasula. Ana anangoti kukamwa yasa, chifukwa agogo sakhala pamenepo.

"Tambasulani manja," anatero. "Tiyambira wamng'ono."

Chiwindi anachiika m'dzanja la kamwana kaja. Mnyamata wanga analandira phiko. Anapita chotero, mmodzimmodzi, kukwera ndi msinkhu, mpaka anyamata akuluakulu amene analandira makosi ndi nthuli ziwiriziwiri za mbuzi. Mapiko ndi misana, zimene zikanakhala zathu amayi, zinathera pamphasa pomwepo. Ife tinadya mpunga ndi msuzi ndi nthuli imodziimodzi, ndipo palibe anadandaula. Mpunga wa kamwanako anauika pachivundikiro cha poto, naupatsa mwana wanga wamkazi kuti aziuuzira. Iwo anakhala pomwepo mpaka mbale zonse zinayera, osadya, akungoyang'ana, nthawi zina n'kunena kuti, "Iwe, tafuna bwino, palibe akukuthamangitsa."

Nditawaona atakhala choncho ndinakumbukira chaka cha 2002. Amene anali ku Kasungu nthawi imeneyo sayiwala njala ija. Ndinali ndi zaka 13. Gaga anasanduka chakudya cha mwayi, anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kusinja. Agogo anga, amayi awo a amayi, ndiwo ankagawa chakudya pakhomo pano. Ankatikhazika pamzere, natiikira m'manja aliyense gawo lake, kuyambira wamng'ono, ndipo sankachoka mpaka womaliza atameza. Pakhomo pathu sipanafe mwana chaka chimenecho. Ndinali nditaiwala kuti zimene ndinapempha lero sizinachokere ku Lilongwe kapena kusikelo. Zinalipo kale pansi pa mango omwewa, tinangozisiya zinthu zitayamba kuyenda bwino, agogo atapita.

Koma tsikuli silinathere pokoma. Madzulo, ana atapita kukaonera magule kubwalo la sukulu, amayi anandiitana m'chipinda mwawo. Anakhala pamphepete pa bedi, nandifunsa osandiyang'ana: "Ukuganiza kuti ndikummana mwana wa mwana wanga?"

Mawu amenewa andilasa mpaka tsopano. Mayiyu ali ndi zaka zopitirira 60, amalima yekha, amadzuka usiku kukatulutsa mwanayo pabwalo, amamubereka kupita naye kusikelo mtunda wa ola lathunthu. Ine ndimatumiza ndalama pafoni mwezi ukatha, ndabwera masiku asanu, ndipo tsiku lachitatu ndawauza pamaso pa mlongo wawo ndi mkamwini wawo kuti mdzukulu wawo sakukhuta. Chimene ndinanena chinali choona, koma malo onenera sanali amenewo. Ndikanawatengera kuseri dzulo lomwe. Ndinapepesa. Anati amva. Anatinso masiku ambiri nsima ikamapsa iwo amakhala atatopa moti amangofuna kukhala pansi, ndipo akaona ana ali chete pamphasa amayesa kuti zonse zili bwino. Tinalira tonse awiri, kulirira achemwali, amene Khirisimasi ngati ino ndiwo ankapakula.

Lachinayi, 26 Disembala

Lero tinawatenga ana anayi kupita nawo ku Mtunthama. Ndinkafuna aone mtengo wa kachere umene amati Kamuzu Banda anayambira sukulu pansi pake, ndiponso Kamuzu Academy imene anaitsegula mu 1981. Sukulu ili patchuthi, tinangoyang'anira kunja. Mwana wanga wamkazi anadabwa kumva kuti pakati pa minda ya fodya pali sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Anyamata a mng'ono wanga chidwi chawo chinali pa mandasi.

Pamsika ndinagula kambale kapulasitiki kobiriwira ndi kakapu kake. Ndinalingalira zogula mbale zisanu ndi zinayi, koma ndinaleka. Akuluakuluwo adyere limodzi monga kale, atsibweni sananame pa zonse. Ndinaona dzulo mnyamata wamkulu uja akunyema khosi lake n'kupatsako mng'ono wake popanda womuuza, ndipo zotere mwana saziphunzira pambale ya yekha.

Kambaleko sindinakapereke kwa mwana. Ndinakapereka kwa amayi, tili awiri m'khitchini. Anakatembenuza, nakagogoda ndi chala, nati n'kolimba.

Chakudya chamadzulo chinali nsima ndi nyemba, ndi msuzi wa mbuzi wotsala. Mng'ono wanga, pofuna kuchita bwino, anakaika kamwana kaja pakhonde pafupi ndi ife, kambale kake patsogolo. Kanakhala kakuyang'ana kumango, osakhudza nsima. Amayi atakafunsa, kanayankha motsitsa kuti kakufuna kwa anzake. Kananyamula kambale kake ndi manja awiri, kakuyenda pang'onopang'ono kuti msuzi usatayike, kanakadzipanikiza pakati pa mnyamata wanga ndi mlongo wake. Pamenepo ndiye kanadya, mpaka kupempha ina.

Atsibweni anaona zonsezi ali pampando wawo wa ndalema. Sanayankhulepo. Nthutumba zawo dzulo anadya zonse zitatu ndi mkamwini wawo, ndipo sindikuganiza kuti asintha maganizo pa za ku Lilongwe. Koma pamene mdzukulu wina anafuna kususa m'kambale kobiriwira, ndi iwo amene anakweza mawu kuchokera pakhonde: "Iwe! Mbale imeneyo ili ndi mwini wake."

Mvula sinagwe usiku uno. Ana sanachoke pamphasa atatha kudya. Ndinamva wina akuti "Padangokhala," onse n'kuvomera "Tili tonse," kenaka ndagi zinayamba. Mwana wanga wamkazi samadziwa kuyankha ndagi ngakhale imodzi, ndipo asuweni ake amamuseka, iyenso akuseka. Nditamuitana kuti adzatenge juzi, anayankha ali pomwepo kuti, "Ndikubwera, amama," koma sanabwere.

Lachisanu, 27 Disembala

Tili m'minibasi, tadutsa Chinkhoma. Pamiyendo panga pali thumba la mango, pansi pa mpando nkhuku yamoyo imene amayi apatsa mkamwini wawo. Sanamupatse m'manja. Anaituma kwa mdzukulu, iwo ataima patali kuseri kwa nkhokwe, bambo awo a ana akuwomba m'manja chogwada.

Tisananyamuke tinagwirizana zingapo ndi mng'ono wanga. Mwana wake wamkulu wamkazi, wa zaka 14, ndiye azikhala pafupi ndi kamwanako pa chakudya chilichonse, ndipo masiku a nyama kapena nsomba wamkulu mmodzi azipita kumango kukagawa. Ine pa ndalama ya mwezi ndiziwonjezerapo ya mazira ndi nsinjiro, ndipo Isitala ndibweranso, osadikira Disembala. Amayi anati nkhuku zawo ziwiri zayamba kuikira, mazira ena asiya kugulitsa.

M'mawa uno phala linali la mgaiwa wothira nsinjiro. Ndinapita kumango kukatsanzika ndipo ndinapeza mwana wanga wamkazi atakhala chotambalala ngati agogo ake, kambale kobiriwira kali pamiyendo pake, akutakasa phala ndi supuni kuti lizizire. Kamwanako kanali katagwira mkono wake, kakudikira.

Tsopano wagona, mutu uli paphewa panga. Tisanafike pa Bua anandifunsa ngati ku Area 25 tingagule mphasa, kuti asuweni ake akadzabwera patchuthi adzadyere pabwalo. Anafunsanso ngati kamwana kaja kangadzabwere nawo. Ndamuuza kuti tikafika ndiwaimbira agogo ake tikawafunse.